Mitengo tiziwerenga mu Okutobala: kayambitsidwe ka nazale ya m'mudzi kuno ku Dedza

Chaka choyamba cha gulu lathu tinabzala mitengo kumapeto kwa Febuluwale, tsiku limene kunabwera alendo. Ana asukulu analakatula ndakatulo, amayi anavina chimtali, ndipo mbande zinabwera pa lole, ife osadziwa ndi komwe zinafesedwa. Mwezi wa Okutobala ndinakwera ndekha kukaona pamalo paja. Ndinapeza phulusa la lupsa, timachubu takuda titakodwa m'zitsamba, ndi timitengo ta keshya towerengeka pa zala, nsonga zake mbuzi zitabudula. Mtima unandiwawa, chifukwa amayi amene anakumba maenje aja ndi omwewo amene amalawira mbandakucha kukafuna nkhuni kuphiri n'kubwerako dzuwa lili paliwombo.

Pamsonkhano wotsatira tinamanga mfundo imodzi: mtengo tiziuwerenga pokhapokha ukaona chizimalupsa uli moyo. Zonse zimene ndalemba pansipa zinabadwa pa mfundo imeneyo.

Amene amayenda mu msewu wa M1 kuchokera ku Linthipe kudzafika pa boma la Dedza amadzionera yekha mapiri ometedwa mpala ndi zigwembe zong'amba minda. Nkhalango za boma, ya Chongoni, ya phiri la Dedza, ya Dedza-Salima ndi ya Mua-Livulezi, zapanikizika chifukwa tonse maso ali komweko: nkhuni, makala, milimo, zipika zowotchera njerwa. Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango zoguga pofika 2030, ndipo nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Koma mudzi umene ungayembekeze Disembala kuti uyambe kuganiza za mitengo wachedwa kale ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Meyi: anthu ake, ndi funso la mwini mitengo

Anthu akangomaliza kukolola, pezani anzanu 10 kapena 15. Gulu la anthu 60 limakoma pa tsiku la msonkhano, koma ikafika nthawi yothirira mumatsala ochepa omwewo. Amayi achuluke, popeza ndiwo akudziwa ululu wa mtolo pamutu. Pakhale achinyamata angapo a mphamvu zokankha wilibala, ndiponso gogo mmodzi wodziwa mitengo ya m'tchire, mayina ake ndi nthawi imene njere zake zimakhwima. Tsiku loyamba lomwelo nenani poyera kuti ntchitoyi ndi yongodzipereka, alawansi palibe, malipiro ake ndi mbande. Ena achoka, ndipo ndi bwino achoke mu Meyi kusiyana n'kuti adzakuthaweni mu Okutobala. Ife tinaika tsiku la nazale kukhala tsiku lomwelo la banki m'khonde. Timayamba ntchito, kenako n'kukhala pansi kuponya masheya, ndipo kujomba kunachepa.

Musanagwire khasu pitani kwa amfumu, kudzera kwa nduna zawo monga mwa mwambo. Kapempheni malo a nazale, malo a nkhalango ya m'mudzi, ndiponso kuti malamulo akalengeze okha pabwalo. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola nyakwawa, mothandizana ndi a zankhalango, kupatula malo a mudzi kuti akhale nkhalango ya m'mudzi yoyang'aniridwa ndi komiti ya zachilengedwe, ija timaitchula kuti VNRMC. Lamuloli analikhwimitsa mu 2020, makamaka pa nkhani ya makala opanda chiphaso. Ngati komitiyo ilipo kale m'mudzi mwanu, gwirani nayo ntchito, musaoneke ngati mwabwera kudzailanda udindo. Kenako dziwitsani alangizi a zankhalango kapena a zaulimi a dera lanu.

Tsopano pali nkhani imene magulu ambiri amaizemba. Tili pamsonkhano wachiwiri, bambo wina anaimika mkono nati: "Alembi, ine kuno ndine mkamwini. Ndibzale m'bawa pamunda wa akazi anga, mawa banja likatha, m'bawawo ndidzausenza pamutu?" Anthu anaseka, koma abambo angapo anagwedeza mitu. Gogo wathu anayankha modekha: "Inu bambo, ana mwabereka kunowa adzawotha moto wa kuti?" Yankho linali labwino, koma silikanathetsa nkhawa. Chimene chinathandiza n'chakuti tinaitanitsa eni mbumba, ndipo pamaso pa amfumu anagwirizana kuti wobzala ndi kusamala mtengo ali ndi ufulu wodula milimo ndi kugulitsa, ndipo akachoka kapena kumwalira mitengo ndi ya ana. Tinalemba m'kope, onse n'kusaina. Kuno kwathu kwa chikamwini, mukalumpha sitepe imeneyi abambo ambiri adzangobwera kudzaonerera.

Lembaninso m'kope momwemo kagawidwe ka mbande. Ife timapatula gawo lina la nkhalango ya m'mudzi, la sukulu ndi la m'mbali mwa mtsinje, koma zambiri zimapita kwa mamembala, aliyense molingana ndi masiku amene wagwira ntchito. Mtengo wa pakhomo pa munthu sufa chisawawa ngati wa tonse.

Juni: yendani kaye, muone zitsa

Musanagule chubu ngakhale chimodzi, yendani malo onse amene mukufuna kubwezeretsa. Yang'anani pansi. Paphiri pamene timati palibe mitengo pamakhala zitsa za mombo, mtondo, tsamba, muwanga, chitimbe, nthawi zina ndi mlombwa, zikuphukira chaka ndi chaka koma n'kumapsa ndi moto kapena kusadzidwa ndi chikwanje. Chitsa chotere chili ndi mizu yakale yozama imene inafika kale pa chinyontho. Mphukira yake sifuna kheni, siopa ng'amba, ndipo imakula msanga kuposa mbande ya m'chubu. Mitengo ya mtundu wa mombo ndi yovutanso kufesa pa nazale, choncho njira yake yeniyeni ndi yomweyi.

Pa chitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu. Zina zonse dulani ndi mpeni wakuthwa, modulira m'mwamba kuti khungwa lisasendeke. Pa zimene mwasiyazo tengulirani tinthambi ta m'munsi mpaka theka la msinkhu wake, osapitirira. Mangani kansanza kofiira kuti wodutsa adziwe kuti pali mwini. Zodulazo ndi nkhuni za tsiku lomwelo, ndipo amayi amabwerera kunyumba ndi kanthu m'manja. Bwererani pakatha miyezi itatu kapena inayi kudzachotsa mphukira zatsopano. M'munda namonso, polima, siyani zitsa zingapo m'malire ndi m'milambala.

Ulendo umenewu ndi umene ungakuuzeni kuchuluka kwa mbande zimene mukufunadi. Pamene pali zitsa zambiri pafunika chitetezo chokha. Mbande zipite pamene pali mbee: m'zigwembe, m'mbali mwa mtsinje, pakhomo, pasukulu, m'minda. Chaka choyamba musapitirire machubu 2,000. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Mitengo yanji, ndipo njere zake zichokere kuti

Dedza si imodzi. Ku Bembeke ndi m'munsi mwa phiri la Dedza kumazizira moti mu Juni ndi Julayi chisanu chimawaula masamba m'madambo. Mukatsika chitunda kupita ku Golomoti ndi ku Mtakataka mwafika kotentha. Mtengo wochita bwino uku ukhoza kupinimbira uko. Musanasankhe, onani imene ikukula bwino kale kwanuko.

Funsani membala aliyense chimene akufuna ku mtengo. Wofuna nkhuni ndi milimo msanga atenge keshya wa milimo, keshya wa maluwa, mthethe kapena mtangatanga. Wofuna chonde m'munda atenge msangu, mtengo wodabwitsa umene umayoyola masamba m'dzinja chimanga chikamafuna dzuwa n'kudzaphukira m'chilimwe. Msangu, gilisidiya, nimu ndi chammwamba zimakondwa kwambiri kumunsi kofunda. Kumtunda kozizira ombwe amathandiza pa chonde, ndipo safuna ndi chubu chomwe, mumangofesa m'munda. M'mbali mwa mtsinje ndi pa kasupe bzalani katope, mkuyu, mwimbi, m'bawa ndi nsungwi. Bulugamu ndi wabwino pa milimo ndipo sindimuletsa, koma amamwa madzi kwambiri, choncho akhale patali ndi chitsime, dambo ndi munda. Paini amakonda kumtunda kuno, koma amakhalitsa pa nazale, miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndiye gulu latsopano liyambe layesa mitengo yosavuta. Zipatso musaiwale: mapeyala, mapichesi, magwafa, mango. Mwana amene wadyako chipatso cha mtengo wa pakhomo sauthyola nthambi.

Njere tolani ku mitengo yathanzi, yowongoka, ndipo ikhale yambiri yotalikirana, osati mtengo umodzi wokha chifukwa uli pafupi. M'midzi yambiri mitengo ikuluikulu yachilengedwe inatsala kumanda basi. Kumeneko sikolowa mwachisawawa, ndipo inu mukudziwa chifukwa chake. Pemphani amfumu, iwo adzasankha oyenera kukatola. Ife njere zathu zoyamba za m'bawa zinachokera kumeneko, atabwera nazo m'chipewa mkulu wina wa kwa amfumu, zopyapyala ngati timapepala tofiirira.

Njere zina sizisungika. Za m'bawa zimafumbwa ndi kufa msanga, choncho tolani makoko akangoyamba kung'aluka n'kufesa pasanathe masabata ambiri. Za masuku ndiye zosadikira n'komwe: mukadya chipatso, tsukani njere, fesani sabata yomweyo. Popeza masuku amapsa chakumapeto kwa chaka, mbande zake zimagonera pa nazale kudikira dzinja lotsatira. Za keshya, mthethe ndi msangu zimasungika zikauma bwino, m'botolo lotseka, pamalo pozizira. Lembani dzina la mtengo ndi mwezi pa botolo lililonse.

Julayi ndi Ogasiti: malo, mpanda, dothi

Chinthu choyamba pa malo a nazale ndi madzi osaphwa mpaka Novembala. Funsani amayi a madimba, ndiwo akudziwa chitsime chimene chimapirira. Mukafuna kugwiritsa ntchito mjigo, gwirizanani kaye ndi komiti yake za maola otungira, chifukwa mu Okutobala pamjigo pamakhala mzere wa ndowa ndipo mkangano suchedwa. Malo akhale osatsetsereka kwambiri, osadikha madzi, obisika ku mphepo ya mwera, ndiponso pafupi ndi nyumba ya membala kuti pakhale diso.

Mpanda umangidwe njere isanalowe m'dothi. Tsekera ndi nsungwi zikwanira, koma ukhale wothithikana pansi kuti nkhuku zisalowe, ndi chitseko chotsekeka. Mbuzi imodzi imatha ntchito ya miyezi iwiri pa nthawi imene inu mukudya nsima.

Dothi timasakaniza chonchi: mawilibala awiri a dothi lakuda la pamwamba, wilibala imodzi ya manyowa owolerana, ndi imodzi ya mchenga wa kumtsinje. Dothi lanu likakhala la mchenga kale, chepetsani mchengawo. Manyowa aawisi a m'khola amawotcha mizu, choncho akhale amene asanduka ngati dothi ndipo sakununkhanso. Sefani kuti muchotse miyala ndi zinyalala, wazani madzi pang'ono, kenako fumbatani m'manja. Likagwirana koma n'kumwazika mukalikhudza ndi chala, lakhala bwino. Likamata ngati la mbiya, onjezani mchenga. Pa masuku ndi paini sakanizaniko dothi la pansi pa mitengo ya mtundu womwewo, chifukwa muli tizamoyo togwirizana ndi mizu yake, ndipo popanda timeneto mbande zimachita chikasu n'kupinimbira.

Machubu akasowa, mapaketi a Chibuku, a mkaka ndi a shuga amagwira ntchito, bola muwaboole pansi. Pothira dothi gogodani chubu pansi kawiri katatu kuti lisakhale ndi mphako, koma osachita kusinja. Siyani kampata pamwamba kolandirira madzi. Ndandalikani machubu choimirira m'mabedi a mita imodzi m'lifupi, kuti dzanja lifike pakati munthu osaponda, ndipo pakati pa mabedi pakhale kanjira kodutsa ndi kheni. Ife timawaika m'magulu a 100 kuti kuwerenga kusavute. Pamwamba mangani kashedi ka udzu wopyapyala, kofika m'chiuno, kolowetsa kuwala pang'ono.

Kufesa

Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera kumapeto kwa Disembala. M'bawa ndi mitengo ina yokula pang'onopang'ono ifesedwe mu Ogasiti, kuzizira kukangoyamba kutha. Keshya, mthethe, mtangatanga ndi gilisidiya zimafuna miyezi iwiri kapena itatu, ndiye nthawi yake ndi kumapeto kwa Seputembala mpaka Okutobala, kumtunda mofulumirirapo, kumunsi mochedwerapo. Msangu ukhale womaliza. Mbande yokhalitsa m'chubu mizu yake imazungulira ngati nkhata, ndipo mtengo wake sudzaima bwino.

Njere za khungu lolimba, monga msangu, mthethe, keshya ndi mtangatanga, zimafuna kuzitsegulira njira ya madzi. Tengani chowengera zikhadabo, budulani kakhungu pang'ono m'mbali mwa njere, kutali ndi kachipsera pamene inalumikizana ndi khoko, popeza pamenepo ndi potulukira muzu. Mungoona koyera pang'ono, basi. Mukhozanso kukhutiza pa mwala wokhakhala. Ntchitoyi ndi yochedwa, imakoma pa mphasa madzulo anthu akucheza. Zobudulazo viikani m'madzi ozizira usiku umodzi. M'mawa zimene zatupa fesani tsiku lomwelo, zimene sizinatupe budulaninso. Mukaona timisangu tikumera tokha pa khola la mbuzi musadabwe, m'mimba mwa mbuzi mwagwira ntchito ya chowengera chija. Gilisidiya amangofuna kuviika, m'bawa sufuna chilichonse, mumangougoneka chafulati n'kukwirira pang'ono.

Thirirani machubu dzulo lake. Fesani njere ziwiri pa chubu, kuya kwake kuwirikiza kawiri kukula kwa njereyo. Njere zambiri zimene anthu amati n'zakufa zimakhala kuti zinakwiriridwa mozama. Zikamera zonse ziwiri, zulani imodzi ikadali ndi timasamba tiwiri kapena tinayi, muwokere m'chubu chimene sichinamere, madzulo, pa mthunzi. Njere za bulugamu ndi zazing'ono ngati fumbi: sakanizani ndi mchenga, wazani pa bedi, ndipo mudzawokere m'machubu zikamera.

Msangu uli ndi khalidwe lakelake. Muzu wake umathamangira pansi tsinde lisanakule, ndipo sukondwa kudulidwadulidwa. Machubu ake aikeni pa thandala la nsungwi lokwera kuchoka pansi. Muzu ukatulukira kunsi umakumana ndi mphepo n'kuima wokha. Masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu akwanira.

Miyezi ya kheni

Apa ndi pamene magulu amafera. Lembani ndandanda ya othirira, awiriawiri, muikhome pa chitseko cha nazale. Wolephera atume wina wa pakhomo pake. Thirirani m'mawa ndi madzulo mbande zikadali zazing'ono, ndi kheni ya chisefa kuti madzi asafukule njere. Musanathire pisani chala m'chubu. Mukapeza chinyontho, dutsani. Madzi akachuluka mbande zimawola m'tsinde n'kugwa ngati zamwetedwa, ndipo pamwamba pa dothi pamamera ndere. Mukaona zimenezo chepetsani madzi, patulani udzu wa pashedi, chotsani zodwalazo.

Zulani udzu m'machubu ukadali waung'ono. Pakatha masabata awiri alionse nyamulani chubu chilichonse, dulani mizu imene yatulukira kunsi ndi mpeni, n'kuchibwezera. Mukazengereza mizu imalowa pansi, mbande imaoneka yonenepa kuposa zinzake, koma tsiku lozula mudzaidula moyo. Posuntha pomwepo ikani zazitali mbali imodzi, zazifupi mbali ina kuti zisaphimbane. Nkhululu ndi ziwala zimadula mbande usiku ndi m'mawa. Ana amadziwa kuzisaka, apatseni ntchitoyo.

Kukatsala masabata atatu kapena anayi kuti mubzale, yambani kukhwimitsa mbande. Chotsani udzu wa pashedi pang'onopang'ono mpaka zikhale padzuwa tsiku lonse, ndipo thirirani kamodzi patsiku, kenako modumphitsa tsiku. Zimaoneka ngati nkhanza, ndipo gogo wathu ankadandaula kuti tikuzunza ana ake. Koma kumunda kulibe kheni. Mbande yabwino ndi ya tsinde lolimba lofiirira, yotalika kuchokera pa chala mpaka pa chigongono kapena kucheperapo. Yaitali yowonda, ya masamba ofewa, imafota tsiku loyamba.

Maenje ndi tsiku lobzala

Kumbani maenje mvula yoyamba ikafewetsa nthaka, ntchito ya kumunda isanakupanikizeni. Dzenje la mtengo wamba likhale masentimita 30 m'lifupi, m'litali ndi kuya komwe. La chipatso likhale 60. Dothi la pamwamba ikani mbali ina, la pansi lofiira mbali ina. Pokwirira, la pamwamba losakaniza ndi manyowa ndi limene liyambe kulowa. Pa munda wa mitengo ya nkhuni talikitsani mamita awiri mbali zonse, zimene zimapereka mitengo 2,500 pa hekitala. Msangu m'munda wa chimanga umafuna danga lalikulu, mamita 10 mbali zonse. Pamalo otsetsereka tsatirani akalozera, ndipo m'chigwembe yambani mwatchinga madzi ndi miyala ndi vetiva, apo ayi mbande zidzapita ndi madzi.

Bzalani mvula ikakhazikika, nthaka itanyowa mozama, kuyambira kumapeto kwa Disembala mpaka mu Januwale. Nyengo ya boma imafika mu Epulo, koma kuno mtengo wobzalidwa mu Malichi umangolawa mvula ya masabata ochepa, chilimwe n'kuupeza mizu isanazame. Alendo akafuna mwambo mu Febuluwale kapena Malichi, alandireni bwino, asungireni mbande 20 zoti adzabzale, koma zanu zikhale zili m'nthaka kale.

Thirirani mbande dzulo lake. Nyamulani m'beseni kapena m'dengu choimika, osagwira tsinde. Sankhani tsiku la mitambo kapena madzulo. Vulani chubu mosamala kuti dothi lisamwazike, chifukwa mtengo wobzalidwa ndi chubu chake umakhala ngati mwana womangidwa miyendo. Dothi la m'chubu lilingane ndi nthaka, tsinde lisakwiririke. Tsenderani ndi manja, kenako ndi chidendene mozungulira, kuti musatsale mphako. Konzani kabeseni kosunga madzi, kupatula pamalo a lowe. Machubu tolani onse, osang'ambika adzagwiranso ntchito, ndipo ng'ombe zikameza pulasitiki zimadwala.

Pakatha masabata awiri kapena atatu yenderani n'kupakiza pamene pafa. N'chifukwa chake pa mbande 10 zilizonse muzisungako imodzi kapena ziwiri pa nazale.

Kuyambira Febuluwale mpaka chizimalupsa

Mtengo waung'ono adani ake ndi udzu, chiswe, mbuzi ndi moto, ndipo amabwera motsatana chomwecho. Palirani mozungulira, mita imodzi, kawiri kapena katatu m'dzinja. Mvula ikamatha phimbirani ndi udzu kuti chinyontho chikhalitse, koma udzuwo usakhudze tsinde chifukwa umaitana chiswe. Ife timawazanso phulusa mozungulira. Bulugamu ndi amene chiswe chimamukonda kwambiri, keshya sichimulabadira kwenikweni.

Anthu akakolola, mbuzi zimamasulidwa. Mitengo ya pakhomo ndi ya zipatso itchingireni umodziumodzi ndi nsungwi kapena minga ya mthethe. Ya m'nkhalango ya m'mudzi chitetezo chake ndi lamulo la amfumu lija, ndipo lamulo limagwira ntchito ngati mbuzi ya nduna ilipitsidwa chimodzimodzi ndi ya mayi wamasiye. Pamene pali kukondera, chaka chachiwiri palibe amene adzamvere.

Moto ndiwo unatipha chaka choyamba. Mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, lambulani njira yotchinga moto kuzungulira malo onse, mamita anayi kapena kuposa, mpaka dothi lioneke. Udzu wa m'kati mwetani, ndi wofolera nyumba umenewo, gawanani kapena gulitsani mugule machubu. Moto wambiri umayamba ndi anyamata osaka mbewa ndi anthu otentha mapesi m'minda. Kuwaopseza kokha sikuthandiza. Ife tinawaitana anyamatawo, tinawapatsa mzere wawo wa mitengo ndi mbande za mapeyala, ndipo tsopano utsi ukaoneka ndiwo amayamba kufika ndi nthambi zaziwisi. Gwirizanani chizindikiro, kaya wenzulo kaya belu la kutchalitchi, choti chikalira aliyense athamangire kuphiri.

Pa zaka zitatu kapena zinayi zimene mukudikira nkhuni zanuzanu, moto wa kukhitchini suleka kuyaka, ndipo ngati palibe chosintha anthu adzadula timitengo tomweto. Choncho membala aliyense wa gulu lathu amayenera kukhala ndi mbaula ya chitetezo m'malo mwa mafuwa. Ndi ya dothi, imawumbidwa ndi magulu a amayi konkuno, imadya nkhuni zochepa, ndipo imayaka ndi tinthambi totengulira, zitsononkho ndi mapesi a nandolo. Utsi umachepanso m'maso mwa wophika. Nkhalango ikayamba kuchita mthunzi, pachikanimo ming'oma ya njuchi. Uchi umabweretsa ndalama mtengo uli chiimire, ndipo wobwera ndi nkhwangwa usiku amaganiza kawiri.

Tsono ikafika sabata yomaliza ya Okutobala, tengani kope lija, mugawane awiriawiri, muyende mzere ndi mzere, khomo ndi khomo. Mtengo wopanda masamba musafulumire kuulemba kuti wafa: kandani khungwa ndi chikhadabo, mukaona chobiriwira uli moyo. Lembani mtundu, malo, yamoyo ingati, yakufa ingati, ndi chimene chaipha ngati chikuoneka. Werenganinso zitsa za nsanza zofiira zija. Mawerengerowo kawerengeni pabwalo pamaso pa amfumu ndi mudzi wonse, osawonjezera ngakhale umodzi, ndipo alangizi apatsidwe omwewo. Pamene mthethe wapirira koma m'bawa wafa, mudziwa choti mudzabzale. Pamene papsa, mudziwa kuti njira yotchinga moto inachepa. Maenje a mitengo yakufa aikeni zikhomo tsiku lomwelo, chifukwa mbande zodzapakiza pamenepo zili kale m'machubu kuseri kwa mpanda, ndipo madzulo ake pali awiri amene ali pa ndandanda yothirira.